Kandulo ya ku Krete

Amayi, kodi mukukhala bwanji kumene munapitako?

Kuno ku Oldbury kukuzizira, mvula daily. Mimba ija munkaiwerengera miyezi pafoni inabala mtsikana. Tsopano ali ndi miyezi inayi, ndipo mphuno ndi yanu yeniyeni. Kumudzi achimwene akuti chimanga chanu cha kudambo anakolola, koma mtedza unawolera m'munda chifukwa aliyense anali ndi za maliro. Ine kuntchito kuchipatala ku Edgbaston sindinabwerere, ndidakali pa livi.

Nkhani yomwe yandilembetsa kalatayi ndi ya mkamwini wanu, a Jere. Chimwalirireni inu, amagona pa sofa. Timalankhulana za manapi ndi za mashifiti awo basi. Banja langa likutha ndikuona, ndipo wondiweruza palibe.

Mukukumbuka holide ija ya ku Krete, chilumba cha ku Greece? A Jere anati tipite mwana asanabadwe, poti zaka zisanu kuno sitinapumepo. Inu munaseka pafoni, mukuti, "Esinati, wapakati amakayendanso kunyanja? Bola usakasambe pozama." Tinafika Lachiwiri. Hotela inali m'mbali mwa nyanja penipeni, azungu atagona mumchenga ngati makaka oyanika, ena atafiira kale. Madzi ake ndi amchere, Amayi, ndinalawa. Tsiku lililonse ndinkakutumizirani zithunzi: mapazi anga otupa ali m'madzi, nsomba yaikulu yomwe anatiwotchera, maboti a asodzi opaka buluu.

Inu munamwalira Lachinayi m'mawa. Achimwene ndi amalume sanaimbire ine, anaimbira a Jere. Anagwirizana kuti munthu wapakati, wa BP yokwera ngati ine, ali kudziko lachilendo, sauzidwa maliro mpaka atafika kunyumba. Ndege yoti ndikupezeni musanaikidwe kunalibe. Ndiye atatuwo anatseka pakamwa.

Masiku anayi, Amayi! Munthu kudya nane, kundijambula, kundigulira chipewa cha dzuwa, akudziwa kuti mayi anga ali m'bokosi. Munkandiuza kuti mwamuna akasiya ndiwo m'mbale ndizimufunsa. Ankasiyadi, koma ine ndinkati ndi mafuta a olivi omwe amathira paliponse. Nditadandaula kuti simukuyankha zithunzi, anati mwina netiweki ya kumudzi. Ndinakhulupirira, chitsiru ine.

Loweruka anaumirira kuti tisapite kumchenga, tikwere basi tikaone midzi. Msewu wake ndi wokhotakhota, uku phiri, uku chiphedi chotsikira kunyanja. Tinadutsa minda ya olivi, mbuzi zili ndi mabelu m'khosi. Tinatsika pamudzi wina waung'ono wa nyumba zoyera, timisewu take topapatiza moti galimoto singalowe. Amayi achikulire ovala zakuda anakhala pakhomo akusenda nyemba. Mmodzi anandigwira mimba, nkundipatsa nkhuyu ziwiri. Ndinaganiza za inu, ndinati ndikafika kuhotela ndikuuzani.

Pamwamba pa mudziwo panali katchalitchi kakang'ono ngati khitchini yanu. A Jere ankangoyang'ana wotchi. Kenaka analowa, anatenga kandulo yopyapyala, nkuyatsa, nkuizika mumchenga wa m'mbale momwe amachitira eni ake. Inu mukudziwa, mpingo wathu sitiyatsa makandulo. Anandigwira dzanja kuti ndiime pafupi nawo. Ine ndinaphulika kuseka. Ndinati abambo mwatembenuka liti, kapena mukufuna ubusa wa ku Greece? Misozi inkawatsika, ine ndikuti ndi utsi, ndikuwaseka kuti bambo wamkulu kulira ndi kandulo imodzi. Ndinawajambulanso.

Lolemba titafika kuno, tinapeza amayi anayi a kumpingo atakhala m'sitingi, nsalu m'chiuno. Sanafunike kuyankhula. Ndinagwa pakhomo pomwepo ndi sutikesi.

Mwezi watha ndi pomwe ndinawafunsa a Jere za kandulo ija. Anati inali nthawi yomwe ankakutsitsani m'manda. Achimwene anawatumizira uthenga kuti tanyamuka, ndiye a Jere ankafuna kuti mwana wanu akhale ataima m'nyumba ya Mulungu pa ola limenelo, ngakhale asakudziwa.

Amayi, zimenezi zandipweteka kuposa bodza lija. Ndikudziwa ankateteza ine ndi mwanayu. Ndine nesi, ndikudziwa zomwe BP imachita. Koma anandilanda maliro a mayi anga, ndipo sangandibwezere. Ndikawayang'ana ndimapsa mtima, ndikawaona akupinda miyendo pa sofa paja ndimawamvera chisoni, kenaka ndimapsanso mtima. Nawonso aonda. Anasenza maliro okha masiku anayi, wowapepesa panalibe, mkazi wawo akuwaseka.

Anthu amati pepani, simunakhalepo poika mayi anu. Ine ndimangovomera. Koma inu ndikuuzeni zoona: ndinalipo, Amayi. Anandiimika pamaliro anu, ndipo ndinaseka mpaka kugwira nthiti.

Ngati munandimva, mundikhululukire. Ndikapempha inu chikhululukiro pa zomwe sindinkadziwa, sindingapitirize kuwamana iwo. Sindikulonjeza kuti mtima utsika msanga. Ndikulonjeza kuti lero akabwera kuntchito ndiwakhazika pansi, tikulireni limodzi, poti chimwalirireni inu aliyense wakhala akulira kuchipinda kwake.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Esinati