Wayilesi ya abambo yalankhulanso

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Kuno tilipo, ngakhale mbuzi yanu yamawanga ija sinasiyebe kudya sopo wa eni.

Alamu anga, akazi a achimwene a Yohane, anachira bwino ku Mtengowanthenga. Ndi mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Akalira, mpaka kutsidya amamva. Mtedza wachita bwino, koma fodya anang'ambidwa ndi matalala.

Za kukoleji sindikubisirani: fizikisi inatsala pang'ono kundibweza kumudzi. Anandiuza kuti ndikalephera mayeso obwereza, ndilongedze. Chondizunguza chinali masamu a makapasita, tizitini tosunga magetsi. Tikalumikizidwa tiwiri, umawerengera kuti tisunga magetsi ochuluka bwanji, ndipo ine ndinkangophatikiza paliponse. Paja munkati, "Iwe Esinati, umayankha funso lisanathe."

Nditabwera kutchuthi ndinapeza wayilesi ya abambo ikungokhosomola. Chichokereni inu, ndiyo imawachezetsa, ndiye ankangokhala pakhonde ndwii. Tinapita nayo ku Malomo, makhadi a chipani m'thumba kuopa kubwezedwa panjira. A Chimphepo, okonza mawayilesi, anachotsamo kachitini kotupa nati, "Kotere ndilibe. Ndili ndi tiwiri tating'ono, kalikonse theka la aka. Mudikire ndidzapite ku Lilongwe mvula ikatha."

Abambo nkhope inagwa. Ine ndinatola kamtengo n'kuyamba kulemba pansi, modekha ulendo uno. Tikatsogozana ngati anthu pakanjira, tiwiri timasunga zochepa kuposa kamodzi. Tikaima pambalipambali, mwendo kumwendo, m'pamene umaphatikiza: theka ndi theka. Zinangoti ngwee m'mutu.

"Talumikizani chonchi," ndinatero.

A Chimphepo anayang'ana abambo. Abambo anati, "Chitani. Ikapsa, wapsereza ndi mwana wanga."

Amayi, inalankhula! Inayamba ndi nyimbo, ndipo abambo, mkulu wa mpingo wathunthu, anavina pakhonde la golosale, chipewa m'manja, anthu akuwomba m'manja. Mukanabisa nkhope m'chitenje.

Mayeso aja ndakhoza. Uthenga utafika, abambo anavala jekete n'kutsetserekera kumanda okha. Akuti anakuuzani zonse, koma ndikuwadziwa, anawonjezera. N'chifukwa chake ndati mumvenso kwa ine.

Ndimakukondani, amayi. Ndikadzamaliza, ndidzabwera ndi mnzanu wa dzina pamsana, tidzakuuzeni tokha.

Ndine mwana wanu,
Esinati