Khadi la Mgonero Limene Ndinabweza

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ife kuno ku Kapelula tilipo, chimanga talowetsa m'nkhokwe, bondo langa lokha ndi limene likuvuta. Wondilembera kalatayi ndi mdzukulu wanu Agnesi. Ndamuuza kuti alembe monga momwe ndikulankhulira, asandikongoletsere mawu, kuopa kuti mungayese yachokera kwa munthu wina.

Ndiyambe ndi ana, popeza ndi zimene munkayamba kufunsa. Gilibati, woyamba uja, akadali mkulu wa mpingo komanso mlembi, ndipo fodya wake wa bale chaka chino anthu amachita kubwera kudzamuona. Agnesi tsopano ndi mphunzitsi wamkulu. Akuti ndisanene zimenezi, koma ndanena, alembe. Feliya ndi namwino ku Simlemba, wabereka mwana wamkazi ndipo tamutcha dzina lanu, Eneresi. Layisoni, mzime uja munkamubisira mbatata yootcha, wagula ngolo ndi ng'ombe ziwiri, wakumbanso chitsime chimene mudzi wonse ukutungapo. Ana anayi, onse oima paokha. Ine amene ndinalekeza sukulu ndisanadziwe kulemba dzina langa, ndikamawatchula chonchi msana umawongoka.

Koma pali nkhani imene yanditengera pafupifupi chaka chathunthu, ndipo ndiyenera kukuuzani yonse.

Mukuwakumbukira a Makwinja, tenanti wa ku esiteti ya kutsidya kwa dambo, ochokera ku Phalombe? Ndi aja anakuberekani kumsana mpaka kunyumba tsiku limene munakomoka potuluka m'tchalitchi. Akazi awo ndiwo anatunga madzi masiku atatu pa maliro anu. Chaka chatha, msika wa fodya utatsekedwa, mpingo unasankha akulu atsopano, ndipo dzina la a Makwinja linatuluka pamwamba. Matenanti achuluka m'tchalitchi mwathu masiku ano, mabenchi a kumbuyo onse ndi awo, ndiponso eni mudzi ena anawasankha chifukwa bambo aja satopa kuyendera odwala. Koma akulu akale atakhala pansi anati ayi. Anati tenanti lero ali pano, mawa bwana akamuchotsa wapita, ndiye mlaga, dera la mabanja amene mkulu amayang'anira, adzausiyira yani? Amene anawerenga chigamulocho pamaso pa mpingo ndi Gilibati.

Amayi, apa ndinene zoona, chifukwa kumene muliko bodza silifika. Ine sindinatsutse. Titatuluka panja, amayi ena akudandaula, ndine amene ndinati, "Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka." Anthu anaseka. Mayi Makwinja anali kumbuyo kwanga, akumanga mwana kumsana. Anamva.

Sabata yotsatira mabenchi a kumbuyo anali mbee, opanda munthu. Matenanti anayamba kupempherera m'chigafa changa chakale, chija munkakhalamo posoka fodya. Amene anandipempha chigafacho ndi Layisoni, ndipo iyenso anapita nawo, ndi mkazi wake, ndi mabanja ena a m'mudzi momwe muno. Chigafacho chayandikana ndi tchalitchi, inu mukudziwa, ndiye Lamulungu lililonse nyimbo ziwiri zinkagundana pamwamba pa munda wanga. Uku akayambitsa, uko akweza. Gilibati ndi Layisoni anasiya kupatsana moni. Nazale zawo za fodya zinali moyandikana kudambo, koma ankathirira mofulatirana, wina kuyambira uku, wina uko, ngati ana a mimba ziwiri zodana.

Mwambo wathu mukuudziwa. Mgonero ukayandikira, mkulu wa mpingo amayenda khomo ndi khomo mu mlaga wake, kufunsa ngati pali mtendere, kenaka n'kusiya khadi limene munthu amakapereka pokhala pa gome la Ambuye. Mlaga wathu unali wa Gilibati. Mu Disembala anabwera masana atavala jekete lake, nandipeza pakhonde ndikusenda mtedza wambewu. Anakhala pa mpando n'kunena kuti, "Amayi, ndabwera ngati mkulu wa mpingo. Kodi muli pa mtendere ndi anthu onse?"

Ndinati, "Zikomo a mkulu wa mpingo. Pakhomo pano mtendere palibe. Ndili ndi ana awiri aamuna amene sapatsana moni, ndipo ine mwini ndinanyoza mayi mnzanga pabwalo la tchalitchi."

Anaseka pang'ono. "Amayi, funsoli ndi la mwambo chabe. Landirani khadi."

Ndinati, "Iwe Gilibati, ngati ndi la mwambo chabe, jeketelo wavalira chiyani dzuwa lonseli? Bwerera nalo khadi lakolo."

Amayi, chilowere mu mpingo sindinaphonyepo mgonero, ngakhale chaka chija ndinali wotopa ndi mimba ya Feliya, ndinayenda ndithu. Koma tsiku limenelo ndinakakhala pa benchi la kumbuyo, pamene pamakhala oimitsidwa. Chikho chinayenda, ine manja ali pamiyendo. Anthu anayamba kunong'onezana. Ena anati mayi ake a mlembi anatcheza kachasu, ena anati anapita kwa sing'anga chifukwa cha bondo. Zinandiwawa, sindikana. Ndinu amene munandiphunzitsa kuti dzina la munthu ndi nsalu yake, ndipo ine ndinaliyanika poyera ndekha.

Abusa anabwera kudzandifunsa. Ndi achinyamata, abwera kumene, aulemu wawo. Ndinawauza kuti kuwerenga sinditha, koma makutu ndili nawo. Ndamva kangati paguwa pomwepo kuti ukafika ndi chopereka n'kukumbukira kuti mbale wako ali nawe chifukwa, uyambe wachisiya, ukayanjane naye? Ndamva kangati kuti Paulo anadzudzula a ku Korinto chifukwa pa mgonero ena ankadzikweza, osauka n'kumachita manyazi? Mkate ndi umodzi, thupi ndi limodzi. Ndingadye bwanji ine mbali ina ya thupilo ili m'chigafa? Ndinawauzanso mawu anu aja munkanena tikamasankha fodya, akuti masamba tisankhe ife, koma anthu asankhe Mwini munda. Abusa anangoti nkhaniyi ili m'manja mwa akulu. Ndinati chabwino, khadi langanso likhale m'manja momwemo.

Mu Januwale ndinaoloka dambo, madzi olekeza m'mawondo, kupita ku nyumba za matenanti. Ndinawapeza Mayi Makwinja akuchokera kumunda, ndipo ndinagwada pabwalo pawo. Iwo anathamanga kudzandigwira. "Agogo, dzukani, mungatiputire tsoka!" Ndinakana mpaka atandimva. Atakhala pansi anati, "Mawu aja anandilasa, agogo. Takhala kuno zaka khumi ndi chimodzi. Ana athu awiri agona m'manda anu omwewa. Mame ake otani osakamuka chonchi?" Ndinapepesanso. Anandikhululukira, nandipatsa kalongonda wa kwawo, mtundu wa nyemba uja amati umapha ukapanda kuphikidwa bwino, ndipo ndinadya ngakhale ndimamuopa.

Chimene chinasuntha Gilibati si mawu anga ayi, ndi fodya. Mu Febuluwale masamba anapsa nthawi imodzi, zigafa zake ziwiri zinadzaza, munda usanafike ndi pakati pomwe. Anabwera kwa ine akupuma mofulumira. "Amayi, muwauze anthu aja achoke m'chigafa, fodya akuwonongeka." Ndinati chigafa ndinabwereketsa kwa mng'ono wako, njira ya kwawo ukuidziwa. Anapirira masiku anayi, masamba a pansi akuthothoka, akuwolera m'mizere. Tsiku lachisanu ndinamuona ali ulendo wa kwa Layisoni, opanda jekete. Zimene anakambirana sindinamve, ndipo sindinafunse.

Zimene ndinaona ndi maso ndi izi. Lolemba masana a Makwinja anafika ndi amuna anayi, atasiya fodya wawo amene nayenso ankawadikira, kudzathandiza munthu yemwe anawerenga chigamulo chowakana. Anatulutsa mabenchi awo opempherera n'kuwaunjika pansi pa mtengo wa mango. Layisoni anakwera pamwamba kulandira mikangala, timitengo topachikira fodya wosoka, Gilibati ali pansi kupatsira. Ntchito imeneyi, inu mukuidziwa, munthu sangaigwire atatseka pakamwa. Ndinamva Layisoni akuti, "Achimwene, apa mwathinitsa, awola awa." Gilibati anati, "Iwe pachika, unayamba liti kundiphunzitsa fodya?" A Makwinja anaseka mpaka kugwetsa mkangala. Ine pakhonde ndinatembenukira kukhoma kuti asaone misozi. Miyezi inayi ndinali ndisanamve ana angawo akukangana ngati abale.

Lamulungu lake anthu aja analibe denga, ndipo mvula inayamba ali pakati pa nyimbo pansi pa mango. M'tchalitchi inali nthawi ya zolengeza. Gilibati anaimirira ndi pepala lake, anawerenga mzere umodzi, kenaka analipinda, natuluka panja mvula ikumumenya. Tonse tinamumva akuti, "Abale, ndinakulakwirani. Lowani, nyumbayi si ya ife." Ena analowa, akudontha madzi. Ena anakhala pomwepo. Mayi Makwinja anadzakhala pafupi ndi ine pa benchi la oimitsidwa, ndipo tinaimba m'buku limodzi, iwo akuwerenga, ine ndikutsatira pamtima.

Musaganize kuti zinathera pomwepo. Akulu ena anamukwiyira Gilibati, anati wachititsa manyazi bwalo lawo, ndipo mabanja awiri a eni mudzi asiya kubwera mpaka lero. Mgonero wa mu Malichi ndinabwezanso khadi, chifukwa kulowa m'nyumba pothawa mvula si kuweruza mlandu. Ulendo umenewu Gilibati sanaseke. Anangoliika m'thumba n'kunena kuti, "Ndamva, amayi." Iye ndi abusa analimbana nayo nkhaniyi misonkhano itatu, ndipo mwezi watha akulu avomera kuti chisankho cha mpingo chiime monga chinalili. A Makwinja aikidwa manja. Matenanti ena sanabwerere, akupemphera ku mpingo wina wa kumsika, ndipo akuti kumeneko palibe amene amawafunsa kwawo. Sindiwaweruza. Ndife tinawatulutsa, ndipo Ambuye amene akumuitana kumeneko ndi yemweyu. Ndikakumana nawo ndimayamba ndine kupereka moni.

Mlaga wathu augawa pawiri, ndipo khomo langa lagwera kwa a Makwinja. Ndiwo adzabwere ndi khadi ulendo uno. Akadzandifunsa ngati pakhomo pano pali mtendere, ndidzayankha kuti ulipo, ndipo ndidzalandira ndi manja awiri.

Tsono mvetsetsani tsiku, Amayi. Loweruka lachiwiri la mwezi wa Ogasiti tidzavundukula chiliza chanu. Gilibati ndi Layisoni achimangira limodzi. Feliya abwera ndi Eneresi wamng'ono pamodzi ndi amuna ake a Chikatolika, ndipo ndawauza kuti pemphero la chakudya ndi lawo. A ku esiteti ndawaitana, a kumsika aja ndawaitana, mabanja awiri okwiyawo ndapita ndekha kukawaitana. M'mawa mwake, Lamulungu, ndi mgonero, ndipo ine ndidzachoka pa benchi la kumbuyo.

Ndikukulonjezani kuti masiku amene anditsalira, aliyense wotuluka m'tchalitchi muja ndi mtima wosweka ndidzamutsatira, ngakhale ndi bondo lomweli. Ndimakukondani, ndipo ndimakusowani tsiku ndi tsiku.

Ndine mwana wanu,
Rute NaMbewe