Kanema M'nyumba, Apongozi Pakhonde

Mudzi wa Chikhutu,
Kasakula, Ntchisi.
21 Julaye 2024

Okondedwa alamu a Moffat,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu pamodzi ndi banja lonse ku Joniko. Ife kuno tilipo, kungoti chaka chino kuzizira kwanyanya. Chimanga chili m'matumba ndipo ndathira kale mankhwala. Kalatayi ndapatsira a Bryson amene akubwerera kumeneko. Ndikanatha kuimba foni, koma mukudziwa kuti pa foni mawu amandithawa, ndipo nkhaniyi ndikufuna muimve kwa ine musanaimve kwa ena. Ndi nkhani ya amayi anu, apongozi anga. Musadzidzimuke, ali bwino ndipo akudya. Koma anadwala, ndipo pa kudwalako pali chinthu chimene ndinachita.

Kanema munatumiza uja anafika wopanda chilema. Tinamuika m'nyumba mwanga chifukwa sola imafuna denga la malata, pomwe nyumba ya amayi ndi yaudzu. Ndinamukhomera kathebulo kake, masana ndimamufunditsa chitenje, ndipo sola ndimakwera ndekha kukaipukuta. Palibe wina amene amakhudza mawaya.

Aliyense kuno ali ndi chake chimene amakonda. Alongo anu Margareta amafuna makwaya, ndipo amadzudzula azimayi amene akuvina mosiyana ndi anzawo. A Lester oyandikana nafe amafuna mpira basi, akuti masewero akupasula mabanja, koma sewero likayamba sachoka. Ine ndimakonda pulogalamu ya ulimi, ngakhale minda imene amaonetsa ndi yosalala, ilibe miyala ngati yathu ya m'phiri muno. Amayi nkhani sazifuna. Akuti owerenga nkhani amanena za njala nkhope zili phuliphuli.

Chimene chawagwira mtima amayi ndi sewero la Amwenye lomasuliridwa m'Chichewa, limene limayamba dzuwa likangolowa. Muli mtsikana wokwatiwa kubanja lolemera, ndi apongozi ake aakazi ovuta. Mayina awo amatikanika, choncho mtsikanayo timamutcha Nachisoni, mayiyo Namikanda. Ndipo apa ndi pamene panayambira vuto.

Mukudziwa kuti chikwatirireni alongo anu, ine ndi amayi sitinakhalepo m'chipinda chimodzi. Ndikawaona m'njira ndimapatukira kutchire. Mawu athu amadzera mwa Margareta. Mwana wathu Lonjezo wamera ndevu ife tikuthawanabe, ndipo sindinaonepo cholakwika, ndi ulemu umene ndinaupeza. Tsono tsiku loyamba amayi atabwera kudzaonera, ine ndinatuluka msanga kuti alowe. Iwo anakhala pakhonde, pafupi ndi chitseko.

"Margareta, uwauze abambo a Lonjezo alowe m'nyumba mwawo," anatero.

Ine ndili kuseri, pa zenera la kumpoto, ndinati, "Uwauze amayi kuti kanemayu watumiza ndi mwana wawo. Alowe."

"Uwauze kuti sindingatulutse mwamuna m'nyumba imene anaumba yekha njerwa."

Margareta anati, "Nonsenu mukumvana bwinobwino. Ine mwandiyesa foni?"

Palibe amene analowa. Kuyambira tsiku limenelo zinakhala choncho: m'nyumba muli Margareta, a Lester ndi azimayi a m'mudzi, amayi ali pakhonde kusuzumira pa chitseko, ine ndili pa zenera kuona theka la chithunzi. Ndinayesa kupachika mphasa pakati pa chipinda kuti wina akhale uku wina uko. Amayi anatumiza mawu akuti nyumba ya munthu saidula pakati chifukwa cha nkhalamba. Ndinaichotsa. Ndinayesa kunamizira kuti ndili ndi ulendo wa kumsika madzulo, koma anazindikira, ndipo tsiku limenelo sanabwere n'komwe.

Komabe alamu, ndikuuzeni zoona, madzulo amenewo ankandikomera. Sindinkadziwa kuti amayi ndi oseketsa chotere. Tsiku lina Nachisoni akulira, amayi anati, "Anthu awa salima? Akanakhala ndi munda wa mtedza sakanaipeza nthawi yolira." Ine ndinaseka kuseriko mpaka ndinadzigwira pakamwa. Tsiku lina Namikanda anatentha nsalu ya mtsikanayo, ine ndinati Margareta awauze amayi kuti mayi ameneyu ndi wankhanza. Yankho linabwera lakuti, "Uwauze kuti si nkhanza, akuopa kuti mwana wake amuiwala. Iwo sanakalambe, sangazidziwe." Tinatsutsana nkhani imeneyi madzulo ambiri, ndipo Margareta anatopa nafe. Chimene amayi sankachifuna ndi mwambo wa kumeneko woti mkamwini amawerama n'kugwira mapazi a apongozi ake. Zikafika pamenepo ankatembenuka kuyang'ana ku khola mpaka zitadutsa.

Koma mphepo ya mwezi wathawu mukuidziwa mmene imawombera kuchokera m'phiri. Amayi anayamba kutsokomola. Ndinkamva chifuwacho kuseri komwe ndinali, tsiku lililonse chikunka chilemera. Ndinatumiza bulangete langa kudzera mwa Margareta, analandira. Ndinatumiza mawu akuti ayambe apumula kaye kuonera, anakana, akuti Nachisoni sangamusiye pa nthawi yovuta. Ndinaganiza zonena kuti batire lafa, koma ndinaopa kuti mungamve kuti sindikusamala katundu wanu, komanso kunama sindikutha. Tulo tinkandivuta poganiza kuti mphatso imene munatumiza kuti iwasangalatse ndi yomwe iwadwalitse, pakhomo panga.

Kenaka mkazi wa Lonjezo, Ester, anachira ku Mponela, mwana wamkazi, ndipo Margareta anapita kukathandiza. Madzulo ake kunagwa nkhungu ndi kamvula kowaza, moti ngakhale a Lester sanabwere. Ndinkayesa kuti amayi nawonso akhala kwawo. Koma ndinamva ndodo yawo ikubwera. Ndinayatsa kanema, ndinamutembenuzira ku chitseko, ndinakweza mawu, n'kuzungulira kuseri.

Sewero lili pakati, chifuwa chinawagwira. Chinali chosiyana ndi masiku onse, sichinkaleka. Kenaka ndinamva ndodo ikugwa, n'kukhala chete. Ndinaitana Margareta, ndikudziwa bwino kuti kulibe. Ndinaima pakona ya nyumba. Ndinaganiza zothamangira kukaitana akazi a a Lester, koma nditasuzumira ndinaona amayi atatsamira khoma, mpango utanyowa, akulephera kudzuka.

Alamu, ndinawagwira. Ndinawanyamula m'manja mwangamu, ndipo ndi opepuka kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinawalowetsa, ndinawakhazika pa mpando wanga, ndinawafunditsa, ndinakoleza mbaula n'kuwapatsa madzi ofunda. Nthawi yonseyi maso anga anali pansi. Mpweya utayamba kubwerera, ndinayamba kubwerera chafutambuyo kuti ndituluke.

"Khalani," anatero.

Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna amene akumuuza. Munalibe wina.

"Ndikunena inu, abambo a Lonjezo. Khalani pansi. Maso angawa saona bwino, mundiuze, amene wafika pa geti uyo ndani?"

Ndinakhala pansi pafupi ndi chitseko. Ndinayang'ana pa kanema n'kuyankha. "Ndi Namikanda, amayi. Wabwera kudzamutenga mtsikana uja. Akulira."

"Ndinakuuzani," anatero. "Inu mumati ndi wankhanza."

Tinaonera mpaka gawo la tsikulo linatha. Kenaka ndinaitana akazi a a Lester kuti akagone nawo, ndipo m'mawa ndinawatengera ku chipatala pa njinga yamoto, ine nditakhala kumbuyo kuwagwirira. Adokotala anati chinali chibayo chikuyamba kumene. Anawabaya jakisoni ndi kuwapatsa mapiritsi, ndipo ndaonetsetsa kuti sanadumphitse ngakhale kamodzi mpaka atha. Pano chifuwa chatsala pang'ono, dzulo anali kusenda mtedza padzuwa.

Anthu anationa pa njinga paja, ndipo m'mudzi muno nkhani yafala. Ena akuseka, akuti Agustino watengera za Amwenye, posachedwa agwira mapazi. Ena akuti ndanyoza mtundu wanu. Margareta atabwerako n'kumva, analira, kenaka anaseka, akuti tsopano apumula ntchito. Ine mtima sunakhazikike. Ndine mkamwini pano, malo amene ndamangapo ndi a kwanu, ndipo sindikufuna muganize kuti mutachoka ndayamba kudzikweza.

Amayi akuti pali njira yake imene makolo ankatsata zikafika potere. Akufuna aphe nkhuku, aitane akuluakulu a banja, tidye pamodzi anthu akuona, kuti kuyambira pamenepo tizilankhulana popanda wonena. Tambala wake asankha kale. Koma akuti mwini mbumba ndinu, sangachite musanalole. Ndiye pempho langa ndi limeneli. Mukaona kuti n'koyenera, muwaimbire. Mukaona kuti ndalakwa, mundiuze, ndidzapepesa pamaso pa onse, ndipo ndidzafolera nyumba yawo ndi malata kuti kanemayu asamukire komweko. Chimene sindingathenso ndi kuwamva akutsokomola pakhonde ine ndili kuseri. Mayi anga ondibereka anamwalira ndili wamng'ono, mwina n'chifukwa chake, sindikudziwa.

Podikira yankho lanu, amayi akuonera ali m'nyumba pa mpando wanga, ine ndimakhala pa chiwundo cha chitseko, mwendo wina m'kati wina kunja. Sewero lija silinathe. Nachisoni ndi woyembekezera, ndipo amayi akuti akhala wamwamuna, ine ndikuti wamkazi. Mukamadzatumiza kanthu, musavutike ndi ife, koma juzi yokhuthala ya amayi ingathandize.

Landirani moni kuchokera kwa alongo anu. Lonjezo ndi Ester akupereka moni, ndipo dzina la mwana akudikira kuti mutchule ndinu. A Lester akuti muwauze ngati mpira wa kumeneko mumakauonera pa bwalo penipeni. Amayi akuti muzivala zofunda, amva kuti kumenekonso kukuzizira, ndipo akuti akusowani kwambiri. Moni wa amayiwu sunadzere mwa munthu. Andiuza ine ndemwe m'mawa uno, atandiyang'ana, ndipo anadikira mpaka nditaulemba.

Ndine mlamu wanu,
Agustino