Mavu M'kanyumba ka Penti

Lolemba, 9 Marichi

Achemwali akutuluka m'chipatala Loweruka. Fupa la m'chiuno lagwirana, koma masitepe awaletsa, ndiye kunyumba kwawo kosanja kuja sangabwerereko. Kuno zipinda n'zodzaza. Tagwirizana ndi mayi a ana kuti tiwakonzere kanyumba kanga ka kuseri, kosungiramo penti ndi zikwangwani zakale.

Ndatsegula masana kuti ndiyambe kutulutsa katundu. Miyezi inayi osalowamo. Pamtanda wa denga pali chisa cha mavu, kukula ngati mutu wa munthu wamkulu. Ndatseka chitseko mwaulemu ngati ndapeza munthu akusamba.

Lachiwiri, 10 Marichi

Ndinapita kukasuzumira pawindo. Ndimati mphindi ziwiri, ndakhala ola lathunthu.

Chisa chija chili ndi mitundu! Mzere wobiriwira, wofiira, kenako wachikasu, yonse yokhotakhota ngati mafunde. Ndinadabwa mpaka ndinatsatira vu mmodzi. Anatulukira pampata wa pamwamba pa chitseko, n'kukatera pa chikwangwani chakale cha ometa tsitsi chomwe ndinatsamiritsa kukhoma. N'kuyamba kupala thabwa ndi pakamwa. Ukatchera khutu umamva ndithu, khwe khwe khwe. Anaumba kampira, n'kubwerera nako, n'kukamata m'mphepete mwa chisa akuyenda chafutambuyo.

Chofiira chija n'cha chikwangwani cha butchala. Chachikasu n'cha sukulu ya mkaka yomwe inatsekedwa. Zaka makumi atatu ndikulemba zikwangwani, sindinajambulepo mzere wosalala chonchi. Opanda burashi, opanda rula.

Lachitatu, 11 Marichi

Mayi a ana abwera ndi mankhwala opopera, zitini ziwiri. Ndinati tadikirani kaye. Iwo: "Bambo, mukufuna achemwali anu atuluke m'chipatala n'kubwereranso atatupa ngati baluni? Munthu wosatha ngakhale kuthawa?"

Sakunama. Ndinangowakokera pawindo. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mpaka Lachisanu. Likapita Lachisanu ndipopera ndekha." Zitini aziika pamwamba pa kabati, pomwe ndiziziona.

Lachinayi, 12 Marichi

Ndakumbukira mayi oweta njuchi omwe ndinawalembera chikwangwani cha uchi chaka chatha. Abwera pa njinga, ndi aafupi kuposa mmene ndimawakumbukirira. Alowa m'kanyumba opanda chophimba kumaso, manja kumbuyo ngati akuyendera odwala.

Ati awa si anthu awo, koma amasamutsika. Mawa m'mawa kukali kozizira, asanachangamuke. Malamulo atatu: osathamanga, osakupiza manja, osawapumira. Ndinafunsa ngati amaluma. Anaseka. "Inu wina atakuzulirani nyumba mungamuimbire nyimbo?"

Lachisanu, 13 Marichi

Tachita.

Anandiveka chisoti cha ukonde ndi ovololo yomwe inandithera m'mawondo. Ine ntchito yanga kugwira ndowa pansi pa chisa, iwo pa makwerero ndi mpeni. Anadula kamodzi kokha. Ndimayembekeza cholemera, koma chinatera m'ndowamo ngati chipewa. Mzinda wonse uja, kupepuka chonchi!

Titavundikira m'pamene anadzuka. Ndowa yonse inayamba kulira, kunjenjemera kwake kumadutsa m'manja mpaka pachifuwa. Ndinainyamula ngati khanda mpaka kukathengo kumapeto kwa msewu wathu. Vu mmodzi anandipeza padzanja pomwe gulovu inathera. Moto weniweni. Sindinathamange, sindinakupize. Misozi yokha.

Chisa chija tachiika m'bokosi lotseguka kumunsi, talimangirira pamtengo. Nditasuzumira m'kati ndinaona tizipinda mazanamazana, tofanana tonse, ndi tiana toyera tikugwedeza mitu. Mayi aja anandionetsa make wa onsewo, wamkulu ngati chala changa chaching'ono, akuyenda mosapupuluma ngati palibe chachitika.

Ati ena adzabwerera pamalo akale. Ndiziwavundikira ndi tambula, kapepala kolimba kunsi, n'kuwaperekeza.

Masana onse kukolopa ndi kulowetsa bedi. Dzanja latupa ngati buledi.

Loweruka, 14 Marichi

Anabwerera mavu asanu ndi awiri, atadzipanikiza pamtanda pomwe panali kwawo. Maulendo asanu ndi limodzi kupita kuthengo isanakwane naini koloko. Anansi ayamba kundiyang'ana mwachifundo.

Galimoto yobweretsa achemwali inafika wachisanu ndi chiwiri ndisanamugwire. Achemwali aonda, ndinachita kuyang'ana kumbali. Titawalowetsa pa njinga yawo ya olumala anangoyang'ana pansi, n'kunena kuti, "Ndakusandutsirani katundu."

Pomwepo vu uja anatsika n'kutera pawindo. Mayi a ana anayang'ana ine, ine ndinatenga tambula. Nditamuvundikira, achemwali anafunsa kuti ukupita naye kuti ameneyo. Ndinawafotokozera zonse, ndi dzanja ndinawaonetsa.

"Iwe, chiyambire uli mwana umaopa ngakhale gulugufe."

Anatambasula manja. "Bweretsa kuno. Iwe uzikankha."

Msewu wathu ndi wa mabampu. Ndimakankha pang'onopang'ono, iwo atagwira tambula pamiyendo ndi manja awiri, nkhope pafupi ndi galasi, akuuza vu uja kuti, "Leza mtima, bambo, tatsala pang'ono kufika." Mayi a ana amatitsatira kumbuyo ndi ambulera.