Galimoto ya Mipando Iwiri

Amayi anga, kodi mukukhala bwanji kumene muliko?

Ife kuno tilipo. Yakwana miyezi isanu ndi inayi kuchokera pamene tinakuikani, ndipo lero ndi pamene ndapeza mtima wokhala pansi n'kukuuzani za kuno. Ndikulemba ndili pakhonde la nyumba ya aphunzitsi kuno ku Sinda. Ana a sukulu ali patchuthi, pabwalo pali zii, ndipo pansi pa mtengo wa mango paima chija munkachitcha chibekete chofiira, galimoto yanga. Nkhani yandikhazika pansi ndi imeneyi, koma ndiyambe ndi zabwino, paja inu munkati munthu wobwera ndi mlandu uzimupatsa kaye madzi akumwa.

Mwana wanu Esitere, mlongo wanga, anachira bwinobwino nthawi ya mondokwa. Khandalo ndi lalikazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Wabwera ndi tsinya lanu lomwe. Akamayamwa amakuyang'ana cham'mbali ngati akudziwa zimene unachita dzulo, moti ine ndisanamunyamule ndimayamba ndakonza kolala ya malaya. Mbuzi yanu yamawanga yaswa ana awiri. Kutchalitchi kwathu ku Mkaika amayi anzanu akuyambabe nyimbo pamwamba kwambiri, akafika pakati mawu n'kuwathera, ndiye amayang'ana pamene munkakhala paja ngati mudzuka n'kuwatsitsira.

Chimanga sichinachite bwino kwenikweni, mvula inadula chikungomasula ngayaye. Koma mtedza wa m'munda wanu wa kuseri kwa chulu wabereka zoti simunazionepo, ndipo vuto lagona pomwepo. Alamu, amuna a Esitere, akadali ku migodi, ndiye Esitere akusenza yekha mtedzawo kupita nawo kumsika, dengu pamutu, khanda kumsana, kawiri pa tsiku. Ng'ombe zanu ziwiri zija zilipo, zanenepa, koma zikoke chiyani popanda ngolo? Sabata yatha ndinamupeza atangotula dengu, khosi litakana kutembenuka, akundipatsa moni ndi thupi lonse. Ine mlongo wake, mwini mbumba, ndinali nditabwera pa galimoto, ndipo m'galimotomo simulowa ngakhale thumba limodzi.

Mukukumbukira mmene ndinaigulira kwa mzungu wa fodya uja wa ku Vubwi pamene ankabwerera kwawo. Inali itakalamba kale, koma ine ndinangoona mphuno yake yaitali, mawilo a masipoko ngati a njinga, denga la tenti lopindira kumbuyo, basi mutu unazungulira. Zimene ndinkasungira nyumba ya njerwa zinathera pomwepo. Sindibisa, ndinaikonda. Ndinkadziwa kulira kwake ikakhala bwino ndi kulira kwake ikadwala, ndipo ndinkatha tsiku lathunthu ndili chagada pansi pake, mafuta akundidonthera kumaso, mtima uli mbee. Pamsewu waukulu, kuchoka ku Sinda kupita ku Katete, mphepo ikundimenya pachipumi, ndinkaona ngati Chitaganya chonsechi n'changa. Mipando inali iwiri yokha, wanga ndi wina umodzi. Tsiku loyamba inu munaizungulira kamodzi n'kunena kuti, "Chokongola ndithu. Nanga chimagwira ntchito yanji?" Ine ndinaseka, ndikuti amayi za makono sazidziwa.

Ntchito inadzapezeka, ya maukwati. Mudzi uliwonse unafuna kuti mkwatibwi wake atuluke kutchalitchi pa galimoto ya aphunzitsi. Mkwatibwi ankakhala pambali pangapa, nsalu yoyera ikuuluka, mkwati akupalasa njinga pambuyo, akumeza fumbi la mkazi wake tsiku loyamba lomwe. Anthu anazolowera, moti akangomva kulira kwake patali amayi ankasiya mitondo n'kuthamangira kumsewu. Ine ndinkawalizira hutala, ndipo zinkandikoma kwambiri.

Tsopano ndikuuzeni za tsiku limene tinakatenga thupi lanu kuchipatala ku Katete, popeza inu munalipo koma simunaone. Bokosi lanu linakana kulowa m'galimoto. Tinatsitsa tenti, tinayesa chopingasa, ine mpaka ndinayamba kufunafuna chingwe. Alongo anu a Zakeyo, amalume anga, anandigwira paphewa n'kuti, "Leka, mphwanga, ukuwasautsa amako." Anatuma anthu kukabwereka ngolo ku mudzi wina, ndipo munapita kwanu pa ngolo ya eni, yonunkha manyowa, titayalamo udzu ndi mphasa.

Dzuwa linali lija loswa mtengo, mvula isanagwe. Galimoto ikayenda liwiro la ng'ombe injini imawira, ndiye ine ndinkatsogola kamtunda, n'kuima kudikira, kenako n'kutsogolanso. Ndi mmene ndinafikira ndekha pamudzi uja wa pamphambano, umene ndinali nditaunyamulirapo akwatibwi atatu. Amayi a pamenepo atamva injini anatuluka m'nyumba ndi nthungululu. Wina anayala chitenje chake pamsewu kuti ndipondepo, wina anabwera akuvina ndi ufa m'manja. Ndinakweza dzanja kuti aleke, iwo n'kuyesa ndikuwapatsa moni, nthungululu n'kukulirakulira. Kenako ngolo inatulukira pokhota paja, anthu akuimba nyimbo ya maliro pang'onopang'ono. Phokoso lonse lija linaduka. Mayi wa ufa uja anagwada pafumbi, ufa ukadali m'manja, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mutikhululukire. Ife timayesa mwatibweretsera mkwatibwi." Esitere anali kuyenda pansi pambuyo pa ngolo, ndi mimba yake, ndipo podutsa sanandiyang'ane n'komwe.

Amayi aja sindiwaimba mlandu. Amene anawaphunzitsa kuvinira injini imeneyi ndine, ndipo anachita zimene ndinawaphunzitsa.

Kuchokera tsiku limenelo galimotoyi sindifunanso kuiona. Nayonso yakhala ngati yadziwa. Kuti ilire m'mawa mpaka upukuse handulo thukuta kamukamu, ndipo mwezi watha handuloyo inabwerera n'kundimenya padzanja, moti masabata awiri ndinkalemba pabolodi ndi lamanzere. Oyilo imamwa ngati chidakwa cha pamaliro. Kachitsulo kakathyoka uyenera kulembera ku Lusaka n'kudikira mpaka utaiwala chimene unaitanitsa. Nkhuku za mpongozi wanu Agnesi zapeza poikira mazira pampando wachiwiri uja, ndipo iye akuti aka n'koyamba kuti galimotoyo ibweretse kanthu pakhomo. Koma tamverani uchitsiru wa mwana wanu. Loweruka lililonse ndimatengabe kansanza n'kuipukuta mpaka iwale, kwinaku ndikuitukwana chamumtima.

Amalume anabwera mwezi uno pa njinga yawo yopanda mabuleki ija. Sanazungulire nkhani. "Yesaya, amako kulibe tsopano. Mbumba yatsala m'manja mwako ndi mwanga, ndipo ine mawondo atha. Mlongo wako akusenza ngati bulu, iwe uli pano kupukuta chitsulo. Gulitsa, ugule ngolo." Ine ndinayankha zauphunzitsi, zoti galimoto za mtundu umenewu n'zosowa, zoti ikapita sindidzapezanso ina, zoti injini yake ikadali ndi moyo ikangopeza munthu woimvetsa. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, n'kuti, "Zabwino zimenezo. Ukaliuze khosi la Esitere." Ndinakwiya, chifukwa amalume omwewa pa ukwati wa mwana wawo anakwera kumbuyo, atakhalira tayala lapadera, akugwedeza chipewa kwa anthu ngati bwanamkubwa. Ambiri amene lero akuitcha chitsulo ndi omwe aja ankandidikirira pakhomo ndi nkhuku kuti ndikawanyamulire ana awo, ndipo zimenezo zimandinyansa. Koma ndikaunguza bwino, mkwiyo wanga tsiku limenelo unali wa munthu amene wagwidwa.

Mbiri yoti mwina galimoto igulitsidwa inafika ku Katete, ndipo Lachiwiri kunabwera wogula. Ndi kalaliki wachinyamata wa ku boma, tsitsi logawa mzere, nsapato zowala, fungo la mafuta odzola lofika pakhomo mwini wake asanafike. Agnesi sanamupatse ndi moni womwe. Anaizungulira galimoto akuimba mluzu, n'kumenya tayala ndi nsapato.

"Ticha, iyi ndiye motoka," anatero. "Mudziwa chimene naikondera? Tuu sita, mipando iwiri chabe. Marelativu sakuvuta. Akabwera ati tipatseniko lifiti, ungowaonetsa kuti sipesi kulibe, finishi. Siwawakana iwe, yawakana ni motoka."

Anaseka, n'kumadikira kuti nanenso ndiseke. Amayi, ndinamva ngati ndameza ntchentche. Mnyamatayo anandinyansa, koma chimene chinandinyansa koposa n'chakuti sananene chachilendo. Mawu amenewo ndakhala nawo mumtima zaka zisanu ndi chimodzi, kungoti ine sindinawatulutse pakamwa. Odwala mwendo, amayi osenza mitolo, ana a Esitere olirira kukwera, onse ndinkawauza mwaulemu kuti pepani, malo mulibe, n'kuchoka ndilibe mlandu ndi munthu. Inu munkati chibale ndi fupa, sichiola, ndipo ine ndinkavomera ndi mutu, ndili ndi chibekete changa chondithawitsa.

Ndinamuuza kuti ndiganize kaye. Atachoka ndinati bola ndiiphe ndekha kusiyana n'kuipereka kwa ameneyo. Ndinaitana mmisiri wosula zitsulo wa kuno kuti achotse mawilo akumbuyo ndi chitsulo chowagwira, tipangire ngolo, monga amachitira ndi magalimoto akufa. Ananjuta, anagwedeza masipoko aja ndi chala, n'kupukusa mutu. "Aphunzitsi, timiyendo iti? Matumba anayi okha tathyoka. Izi anapangira kunyadira, osati kusenza." Ndiye mwaona, ngakhale itafa singanyamule kanthu. Zatsala n'ziwiri: ndiisunge, ndizipukuta, Esitere azisenza, kapena ndiipereke kwa munthu wondinyansa uja, ngolo igulidwe.

Dzulo masana ndinathamangitsa nkhuku n'kukhalamo, osailiza, manja pachiwongolero. Chikopa cha mpando chinandilandira monga kale, ndipo mtima unayambanso kunyengerera kuti mwina chaka chimodzi chokha. Ndiye ndinati ndikuuzeni chinthu chimene sindinauzepo munthu, ngakhale Agnesi. Ulendo wonse uja wochokera ku Katete, inu muli pa ngolo, ine sindinakulireni. Maso anga anali pa kamuvi kosonyeza kutentha kwa injini. Anthu akuimba, ine ndikuganiza za kumene ndingapeze madzi othiramo. Ngakhale kumanda, dothi likugwera pabokosi lanu, khutu langa linali kumsewu, kuopa kuti wina ayedzamira chitseko n'kukanda penti. Ndikulemba zimenezi nkhope ikundiyaka ndi manyazi.

Ndipo inu simunakweremo ngakhale kamodzi. Anzanga ndinkawauza kuti mumaopa liwiro, koma ndinkadziwa kuti ndikunama. Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi, mvula ikuyamba kuwaza, ndinakutsegulirani chitseko pamaso pa anthu. Munayang'ana mpando, munayang'ana Esitere ali poteropo ndi ana ake, n'kundifunsa chapansipansi kuti, "Ndikakhalapo ine, mlongo wako akhala pati?" Munafunda nsalu kumutu n'kunyamuka naye wapansi. Ine ndinakudutsani panjira pang'onopang'ono, kusamala kuti ndisakuthireni matope, n'kumadziyesa mwana waulemu.

Ndigulitsa, Amayi. Loweruka ndikaisiya ku Katete kwa mnyamata uja, akakane nayo abale ake mpaka tsiku limene adzamvetse yekha. Sindikunamizani kuti sizindiwawa. Ikamakachoka ndi munthu wina ndikayang'ana kumbali, ndipo kuwawa kumeneko nakonso kukundinyansa. Ngolo ndaiona kale kwa mmisiri yemwe uja, ya matayala a lole, yoipa maonekedwe, yosati munthu n'kuiimbira nthungululu. Iyamba ndi mtedza wa Esitere. Mtedza ukatha tidzamanga ng'ombe zanu, tikwere tonse, Esitere ndi ana ake, Agnesi, amalume ndi mawondo awo, tibwere kudzalambula pamene mwagonapo. Ng'ombe adzayendetsa wina. Ine ndidzakhala kumbuyo, manja opanda chogwira, ndipo ndikulonjeza kuti ndidzakulirani maliro amene ndinakumanani.

Ndine mwana wanu wokukondani, ngakhale ndachedwa nazo,

Yesaya