Zitseko za Kiyibodi ya Achimwene

Lolemba, 4 Malichi
Kwa achimwene. Sitiroko ija yawasiyira zala ziwiri zokha kumanzere, chachikulu ndi chamkombaphala. Kompyuta yawo yafunditsidwa nsalu. Alamu akuti bwana wa kuntchito kwa achimwene adikira mpaka mwezi uno uthe, kenako alemba wina.
Munthu amene anandiphunzitsa kulemba mapulogalamu, lero kungokhala pakhonde. Mtima wandiwawa.

Lachinayi, 7 Malichi
Ndiwapangira kiyibodi yogawa pakati. Kumanzere mabatani ochepa, akuluakulu. Kumanja kusenze zotsala. Mawaya ndawotcherera patebulo la kukhitchini, chala ndapsa.
Fungo lakelo landibwezera m'kachipinda kawo kakuseri kaja. Kompyuta yolira ngati firiji yokalamba. Ine pachitini cha penti, kujompha mabatani ndi zala ziwiri, basi dzina linandikanirira: Zalaziwiri. Ndikaiwala semikoloni kumapeto kwa mzere, pulogalamu kukana, bolopeni pamutu go! Ndinkakwiya. Lero ndikuilakalaka.

Loweruka, 16 Malichi
Yatha. Ndayala mwaukatswiri, ati. Mabulaketi pansi pa zala zamphamvu, semikoloni ndamusamutsira pachala chachikulu, manambala pakati. Ndadziyamikira ndekha mpaka tiyi kuzizira.

Lamulungu, 17 Malichi
Zakanika. Kachala kawo kakang'ono kakumanja kakungothamangira pamene semikoloni ankakhala kale. Mzere umodzi, zolakwa mbwee. Anaikankhira pambali osandiyang'ana.
"Mlongo wanga, nyumba wamanga yabwino, koma zitseko wasuntha zonse."
Ndalira njira yonse pobwerera.

Lachitatu, 20 Malichi
Alamu anditsitsira kiyibodi yawo yakale pamwamba pa kabati. Fumbi lokhalokha. Zilembo zinafufutika, batani la semikoloni linachita kukumbika. Ndinaikapo chala changa.
Ine ndi nzeru zanga! Dzanja lamanjalo linadwala liti? Limadziwa njira zake kuyambira ine ndili pachitini.
Kumanja ndabwezera chilichonse pamalo pake. Chatsopano chimodzi chokha: akapanikiza batani lalikulu ndi chala chamanzere, zilembo za kumanzere zibwere pansi pa dzanja lamanja, moyang'anana ngati pagalasi.

Lachisanu, 22 Malichi
Ndakaisiya kwa achimwene. Nsalu ija ikadali pakompyuta.

Lachinayi, 28 Malichi
Sabata yonse zii. Kuimba foni ndimaopa.
Masana ano uthenga wa achimwene, ndili kuntchito. Kapulogalamu kakang'ono, kolemba okha. Alamu akuti akhala akugogoda kuyambira Lamulungu, pang'onopang'ono, uku akutukwana, ndipo mawa aimbira bwana.
Pamwamba pake alemba kuti: "Zalaziwiri tsopano ndi ine. Iwe tikusakira dzina lina."
Ndaseka, misozi ili mbwe, anzanga kundidabwa.
Ndakayesa kapulogalamuko. Kakana. Mzere womaliza, semikoloni palibe.
Bolopeni ndaika kale m'chikwama.