Dorah Asakwere Sitima

Bulawayo
9 Okutobala 1938

Okondedwa achimwene a Gibson,

Ndikhulupirira kuti inu ndi alamu mukudzuka bwino. Kalata yanu ndinailandira, yonena kuti mkazi wanga Dorah wamanga kale katundu kuti abwere kuno ndi mwana mvula isanagwe. Achimwene, asakwere sitimayo.

Mukudziwa kuti ndimathandiza masamu mzungu woyeza madzi. Mwezi watha eni fakitale yofufuta zikopa anamufunsa ngati uve umene amathira mumtsinje ungafike pafamu ya mzungu mnzawo kumunsi. Masamuwo amafunsa zinthu zitatu pamodzi: madzi akunyamula uvewo mothamanga bwanji, ukumwazika bwanji, ndiponso ukuwola n'kutha mphamvu liti. Ndinawerengera mtsinje chigawo ndi chigawo, pang'onopang'ono, chifukwa ukadumpha chigawo chachikulu madzi ali othamanga mayankho amapenga, mpaka kukuuza kuti uve wachepa kuposa ziro. Zala zinachita dzanzi popukusa makina owerengera masamu.

Yankho linakondweretsa eni ake: pofika pafamu, ng'ombe zimamwa madzi abwino. Koma pakati pa paipi yothira uvewo mumtsinje ndi famuyo ndi pamene pali misasa yathu, ndipo manambala apamenepo ndi oimitsa tsitsi. Bwana anawaona yekha ndisanatsegule pakamwa. "Hayikona, ayi ndithu, Lemson," anatero, "anandifunsa za famu." Anasaina pepala la masamuwo basi.

Chondinyansa kwambiri ndi ichi. Anthu athu amapewa dziwe la kumtunda kwa paipi, ati madzi oima ndi a achule, n'kumatunga kumunsi kwa paipiyo, pothamanga madzi, monga kwathu. Ndinachenjeza a Abbas, oyandikana nawo nyumba, amene amasamba pamenepo asanaswali. Anandiseka, akusakaniza mawu a Chindebele. "Iwe mfowethu, m'bale wanga, amanzi oyenda alibe litsiro. Sukulu yakuzunguza mutu." Chonsecho kuthamangako ndi kumene kumatifikitsira uve usanathe mphamvu. M'ndowa mumayandama ubweya wa ng'ombe, ana a pamsasa akutsegula m'mimba. Mwana wokwawa ungamuletse chiyani pamalo otere?

Mupereke moni kwa amayi, kwa alamu a Mable ndi ana onse. Dorah mumuwerengere zonsezi, ngakhale ndikudziwa kuti za manambala sakhulupirira. Adzati ndapeza mkazi wa Chindebele monga amachitira matchona ena. Akatero musalimbane naye. Bola andide ali kumudzi, mwana wanga akumwa pachitsime cha amayi.

Ine mng'ono wanu,
Lemson